Ndevu za m'Kachitini

"Achimwene, ine funso langa ndi limodzi. Inuyo mumameta chiyani?"

Pamela adaima pakati pa balaza, kachitini ka mafuta odzola kali m'manja. Mchimwene wake Kizito adali atangofika kuchokera ku Biwi kumene ankawotcherera mageti, ovolosi asanavule n'komwe. Adagwira chibwano chake mosadziwa. Chidali chosalala ngati cha mwana wa sukulu, monga chidalili chibadwire.

"Wakatenga kuti kameneko?" adafunsa Kizito.

"M'sutikesi ya alamu. Ndimafuna singano, ndapeza izi. Malezala akale, ndi tsitsi lokulunga m'timapepala. Si la m'mutu ili, taligwirani, lolimba ngati waya. Izi ndi ndevu, achimwene. Inu ndevu mulibe, bambo athu analibe mpaka kulowa m'manda. Nanga ndevu za mwamuna zalowa bwanji m'nyumba muno?"

Jemima, mkazi wa Kizito, adali chilili pakhomo la kuchipinda, dzanja lili pakamwa.

"Alamu," adatero motsitsa mawu, "nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ndipatseni kachitini kanga."

"Kanu? Mwavomera kuti n'kanu?"

"N'kanga."

"Nanga ndevuzi n'za yani?"

Jemima adayang'ana mwamuna wake. Kizito adayang'ana nsapato zake.

"Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa," adapitiriza Pamela. "Koma ine ndabwera kudzafuna ntchito m'tauni muno, ndapeza malumo ali kale m'nyumba. Zaka zonsezi banja lopanda mwana. Amayi ku Ntcheu akungolira. Ife timati ndi kufuna kwa Mulungu, kani pali zina zikusungidwa m'masutikesi."

"Pamela, tsitsa mawu," adatero Kizito. "Kuno ndi ku Chinsapo, si kumunda."

Adachedwa nalo chenjezolo. Panja, pansi pa windo, amake Godwin, mkazi wa alandilodi, ankakwecha mapoto. Kukwechako kudali kutasiya.

"Ngati inu simuyankha, ndikafunsa akuluakulu," adatero Pamela. Adatuluka ndi kachitini kaja.

Jemima adatseka chitseko. Adakhala pampando moyang'anana ndi mwamuna wake, n'kukweza mutu kuti kuwala kwa pawindo kugwere pachibwano pake. Padali timadontho takuda, mbali zina patatupa, monga pamakhalira pakhungu lometedwa tsiku ndi tsiku.

"Abambo, mawu ake ndi awiri okha. 'Ndi zake.' Mwalephera kuwauza achemwali anu enieni?"

"Ukumudziwa Pamela. Akamva lero, mawa amva Ntcheu yonse."

"Nanga pano akukamva ndani?"

"Iwenso bwanji umasunga zinthu zimenezi? Ndinakuuza kangati kuti uzitaya?"

"Nditaye kuti? Bafa ndi la mpanda wonse, chimbudzi n'chimodzimodzi. Ndikawotcha, fungo limafika kwa alandilodi, amayamba kufunsa kuti akuwawula mbuzi ndani. Azakhali anga anandiuza ndili mtsikana kuti tsitsi lako lisagwere m'manja mwa munthu, anthu amapangira zinthu. Ndimasunga kuti ndikapita kumudzi ndizikakwirira ndekha. Ndimaopa afiti, abambo. Lero mfitiyo ndikhala ine?"

"Palibe wanena zimenezo."

"Anena. Kuchipatala munali pomwepo. Adokotala anati ndi mahomoni a m'thupi, omwewo amene amasokoneza kumwezi ndi kuchedwetsa mimba. Anati akazi otere alipo ambiri. Kawauzeni zomwezo."

Kizito adapukusa mutu. Sadali munthu wankhanza. Malezala ankagula yekha, ndipo sadatchulepo ndevuzo ngakhale pa mkangano. Koma adali ndi mantha ake.

"Jemima, ku shedi kuntchito kwathu anyamata amanditchula kale Kamwana chifukwa cha chibwano changachi. Akadzamva kuti ndevu za m'nyumba mwanga zili kwa mkazi, ndidzagwira bwanji ntchito? Adzati panyumba paja mwamuna ndi uti? Tidekhe. Nkhani za m'tauni zimazima zokha."

Nkhaniyo sidazime. Sabata isanathe, a Yohane, alandilodi, adagwa pakhonde akumanga zingwe za nsapato. Pamene ankawanyamula, pakamwa padali patapotoka, mkono ndi mwendo wa kumanja zili lendee. Kuchipatala adati ndi sitiroko, bipi yomwe bamboyo ankainyozera kumwera mankhwala. Koma mawu a kuchipatala adatsalira pageti la chipatala. Amene adafika ku Chinsapo adali ena.

A Yohane adali ndi ndevu zambiri, ndipo Loweruka lililonse ankazidulira pakhonde ndi sizasi. Pabwalo ankasesa ndi azimayi a lendi mosinthana, Jemima ali mmodzi wa iwo. Anthu adalumikiza okha. Wina adakumbukanso kuti tsiku lina a Yohane adagogoda pabafa chifukwa Jemima ankachedwamo, ndipo iye potuluka adati, "Pepani bambo, tsiku lina mudzamvetsa." Mawuwo atayenda makomo angapo adasanduka "tsiku lina mudzaona."

Jemima ankagulitsa mandasi pamsewu wopita kumsika. Lolemba beseni lidabwerera theka. Lachiwiri lidabwerera lonse. Kumpopi, atangoika ndowa yake pamzere, azimayi adasuntha zawo ngati yake ili ndi moto. Amene adamulonjera ndi Salama yekha, mkazi wa telala wa kuseri kwa mpanda wawo.

"Amwali, mwadwala? Masikiyo bwanji?" adafunsa Salama.

"Chimfine," adayankha Jemima. Kuyambira tsiku limene a Yohane adagwa, iye adali atavala masiki yansalu, yotsala m'masiku a mliri uja.

Salama adasendera pafupi ngati akukonza ndowa.

"Ine sindidziwa za m'nyumba mwanu, ndipo sindifunsa. Koma kachitini kanu kapita kwa mneneri. Wanena kuti mwini tsitsilo wamangidwa, ndipo sadzuka mpaka womangayo amasule. Godwin akuyenda ndi anzake a kabaza, akumwa, akulankhula zoopsa. Muli ndi abale ku Area 25 kapena kwina? Pitani mukapume kaye."

"Ndikathawa ndiye ndavomera."

"Wamoyo amakana mlandu mawa lake, amwali. Wakufa sakana."

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, mwala woyamba udagwa padenga. Malata adalira ngati mfuti. Potuluka Kizito sadaone munthu, koma makatani a nyumba zoyandikana adali kugwedera.

Adabwerera m'nyumba, n'kutulutsa lezala latsopano m'thumba la ovolosi. Adaliika patebulo.

"Wasiya kumeta. Ndaona."

"Ndasiya."

"Wapenga? Nthawi ngati ino?"

"Ndikameta, andipha chifukwa cha kachitini. Umboni wanga uli pankhope panga, abambo, ndipo ndakhala ndikuwupala m'mawa uliwonse kuti inu musachite manyazi. Tsopano ndikufuna umere. Amene akufuna kudziwa mwini ndevu zija adzaone pomwe zinachoka."

"Akaona ndiye adzati chiyani? Sukudziwa zomwe amanena za mkazi wa ndevu?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake pakufunika pakamwa panu. Ine ndikaonetsa ndekha, adzati mfiti yadziulula. Inu mukanena kuti munandikwatira mukudziwa, adzamva. Mutu umodzi susenza denga."

"Ndilankhula ndi Godwin, mwachimuna, mtima wake ukatsika."

"Liti?"

"Bambo ake akatuluka m'chipatala."

"Nanga akapanda kutuluka?"

Pamela, amene masiku onsewa ankadya payekha ndi kugona ndi Baibulo kumutu, adatuluka kuseri kwa katani yogawa balaza. Nkhope yake idali yotopa.

"Ine sindinafune kuti zifike apa," adatero. "Ndinapita kwa amake Godwin ngati kwa mayi, kuti andilangize. Dzulo ndinakapempha kachitini kaja, andithamangitsa. Alamu, ngati pali chomwe munachita, masulani. Munthu akufa uja."

Jemima adaimirira. Adamasula zingwe za masiki pang'onopang'ono.

"Yang'anani, alamu. Bwerani pafupi. Gwirani ngati mukufuna."

Tsitsi lakuda lidali litaphuka pachibwano chonse, kutsikira kukhosi, lina pamwamba pa mlomo. Pamela adabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

"Mayo ine! Yesu wanga!"

"Ndi zomwe munapeza zija. Zanga. Zinayamba ndili Fomu 2."

"Ndiye chifukwa chake..." Pamela adaloza mchimwene wake. "Ndiye chifukwa chake achimwene alibe! Mwawalanda! Kwathu amanena, mkazi wa ndevu amayamwa mphamvu za mwamuna. N'chifukwa chake kulibe mwana, n'chifukwa chake achimwene sayankhula m'nyumba mwawo momwe!"

"Si inu munanena kuti bambo anu analibe ndevu mpaka kulowa m'manda? Amenewonso ndinawalanda ndine?"

Pamela adayang'ana Kizito kuti amuthandize, kaya kumutsutsa kaya kumuvomereza. Kizito adali atagwira mutu ndi manja onse awiri.

M'mawa mwake Pamela adalongedza chikwama chake, nati akakhala kwa mnzake ku Area 24. Zomwe adaona sadauze munthu. Mwina adaopa, mwina adachita manyazi ndi dzina la kwawo. Jemima adamvetsa chinthu chimodzi: ngati mlamu wake weniweni waona ndi maso n'kuwonjezera mlandu, gulu la anthu lidzatani?

Masiku otsatira sadapitenso kumsewu. Madzi ankamutungira Salama, n'kuwapatsira pamwamba pa mpanda. Miyala inkagwa nthawi iliyonse, ina masana dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina adapeza mchere utamwazidwa pakhomo. Tsiku lina tayala lakale la galimoto lidatsamiritsidwa pakhoma la bafa, moyang'ana chitseko chawo. Palibe adalibweretsa, palibe adalichotsa. Kizito ankalilambalala popita kuntchito ngati ndi njoka yogona.

"Mwaliona?" adamufunsa Jemima.

"Mwina ndi la ana, loseweretsa."

"Abambo, zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Loweruka ndikafuna nyumba ku Chigwirizano. Tisamuke mwakachetechete, nkhani ithere pomwepo."

Loweruka adapitadi, koma nyumba sadaipeze. Lamulungu masana, anthu atangoweruka kumatchalitchi, kudamveka njinga zamoto zambiri zikuima pageti nthawi imodzi. Godwin adali atachokera kuchipatala, kumene adapeza bambo ake asakumezanso ngakhale phala.

"Atuluke!" Mawu ake adali osasa. "Mayi ameneyo atuluke amasule madala anga!"

Kizito adakoka tebulo n'kutsekera chitseko. Nyumbayo idalibe khomo la kuseri, ndipo mawindo ake adali ndi zitsulo zomwe adawotcherera yekha. Adayesa kuimba foni kupolisi, koma sinkalowa. Panja phokoso linkakula. Adamva tayala lija likugubuduzidwa. Kenako fungo la petulo lidalowa pansi pa chitseko.

"Akatiwotchera muno tipsa tonse," adatero Jemima. Mawu ake adali ozizira modabwitsa. "Chotsani tebulo."

"Jemima, ayi."

"Chotsani."

Adatuluka n'kuima pakhonde. Pabwalo padadzaza: anyamata a kabaza, azimayi ovala yunifolomu za mvano, amuna ochokera ku mpira. Ena adakwera pampanda. Amake Godwin adali kutsogolo, kachitini kaja atakakweza m'mwamba. Godwin adagwira botolo la petulo, maso ali psuu, ndi mowa komanso ndi misozi.

"Sisteri, ife sitikufuna zambiri," adatero Godwin. "Madala anga anakulakwirani chiyani? Bafa lomwelo? Tengani ndevu zawo izi, mumasule zomwe munamanga. Apo ayi, mupita limodzi."

"A Godwin, bambo anu sindinawachite kanthu. Ndevuzo si zawo."

"N'za yani? Za amuna anuwa?" Anthu ena adaseka mwaukali.

Jemima adachotsa masiki n'kuiponya pansi.

Ndevu za masabata awiri zidaoneka bwino padzuwa, zakuda, zopotana, pankhope ya mkazi amene ankawagulitsa mandasi. Kwa kanthawi zidaoneka ngati atha kumvetsa. Kenako mayi wina wa m'gulu adakuwa.

"Mwaona? Mwaona nokha! Masana mkazi, usiku mwamuna!"

"Zamera chifukwa cha pemphero la mneneri! Wayaluka!"

"Ndevu za a Yohane zamutulukira!"

Gulu lidasendera kutsogolo. Godwin adakweza dzanja, nayang'ana Kizito amene adaima theka m'nyumba theka panja.

"Abigi, inu timakupatsani ulemu. Tiuzeni chilungamo. Izi mumazidziwa, kapena nanunso mukuziona lero? Ngati simumadziwa, patukani, nkhani si yanu."

Kizito adayang'ana gululo. Pampanda adaona Golden, mnzake wa ku shedi, foni ili m'mwamba, akujambula. Adaona mawa lake lonse: shedi, msika wa Biwi, mafoni a anthu mpaka ku Ntcheu. Jemima sadatembenuke kumuyang'ana, adangodikira.

Chidutswa cha njerwa chidachokera kumbuyo kwa gulu. Chidamupeza Jemima pamwamba pa diso. Adagwada, magazi akutsika patsaya mpaka kulowa m'ndevu zija.

"Ndi zake!" Kizito adalumpha n'kuima patsogolo pake. Mawu ake adasweka ngati a mnyamata. "Ndi zake, anthu inu! Ndinamukwatira ali nazo, ndikudziwa! Malezala ndimagula ndine, kafunseni paokala! Kuchipatala tinapita limodzi, anati ndi za m'thupi. Ndipo pansi apa, pakhosi, pomwe iye saona bwino, ndimamumeta ndine. Ine! Ndi manja awa, m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Tsitsi la m'kachitinilo theka ndinadula ndine. Ngati ndi ufiti, yambani kuwotcha ine!"

Kenako mnyamata wina wa kabaza, amene adagwira tayala, adalankhula ngati akudzifunsa yekha.

"Aise, ndiye kuti abigiwa ali ndi babashopu ya kuchipinda?"

Wina adaphulika kuseka. Kuseka kudagwira mzere wa anyamata, kudalumphira kwa amene adali pampanda.

"Kasitomala mmodzi yekha!"

"Ometa alibe ndevu, ometedwa ndi madamu!"

"Kamwana! Kamwana wa lezala!" adakuwa Golden, foni ikugwedera ndi phwete.

Tayala lidasiyidwa, lidagubuduka pang'ono n'kugwa cham'mbali. Anthu oseka sagwira machesi bwino. Azimayi a mvano adayamba kuyang'ana pansi, ena n'kumazemba cha kugeti. Kizito adaima pomwepo, kuseka konse kukugwera pa iye, thukuta likuyenderera.

Godwin yekha sadaseke. Adayang'ana botolo lili m'manja mwake ngati sakudziwa amene wamupatsa.

"Nanga madala anga?" adafunsa, osafunsa munthu. "Nanga madala anga adzuka bwanji?" Adakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira.

Salama adadutsa pakati pa anthu akukankha ndi zigongono. Adavula mpango wake wa paphewa n'kumanga pachilonda cha Jemima, namudzutsa. Amake Godwin adaponya kachitini kaja pakhonde.

"Kaya n'zanu kaya n'za yani," adatero mayiyo, "utsi sufuka popanda moto. Mkazi wa ndevu pampanda panga ayi. Dzuwa la mawa lisakupezeni pano."

Salama adamugwira Jemima m'chiuno, nayamba naye ulendo wa kumsewu kuti akapeze galimoto yopita kuchipatala. Anthu adapatuka. Ena adathawitsa ana awo kumbuyo, ena adatukula mafoni. Jemima sadaphimbe nkhope.

Kizito adawathamangira n'kuwapeza pafupi ndi siteji.

"Jemima, ndanena. Wamva? Ndanena pamaso pa onse."

"Ndamva, abambo."

"Mawa sindidziwa ngati ndikalowe ku shedi. Koma ndanena."

Jemima adaima. Adamuyang'ana ndi diso limodzi lomwe lidatsala poyera. Mudalibe ukali m'mawu ake, ndipo n'chimene chidamuopsa Kizito koposa.

"Mwandipulumutsa, sindikana. Koma mawu amenewa simunawagule lero. Munali nawo m'kamwa pamene mwala woyamba unagwa padenga. Munali nawo pamene tayala linabwera. Mumadikira kuti muone magazi anga kaye, ndiye muyerekeze ndi manyazi anu kuti cholemera n'chiti."

"Ndimaopa, Jemima."

"Inenso ndimaopa. Inu mumaopa kusekedwa."

Minibasi idaima. Kondakitala adatsegula chitseko, adayang'ana nkhope ya Jemima, mawu oitanira anthu n'kumuthera pakamwa. Salama adakwera, namukokera mnzakeyo mkati. Kizito adaponda pachitsulo kuti akwere nawo.

"Inu tsalani mukalongedze," adatero Jemima. "Katundu wanu payekha, wanga payekha. Ndikasokedwa ndidzakuuzani ngati akwere galimoto imodzi."